Thanki ya Land Rover Series III ikudontha petulo, ndiwotcheretse kapena ndisake ina?

Mphwake_wa_pa_Chitakale

Moni nonse muno. Ndikupempha nzeru kwa inu amene munagwirapo ma Land Rover akalewa. Ndili ndi Series III yaifupi ija ya 88, ya 1976, injini ya petulo 2.25. Inali ya malume anga, iwowo anaigula pa okushoni pa esiteti ina ya tiyi konkuno, nde atatisiya akubanja anati ipite kwa ine poti ndine ndinkakhalira kuipukuta ndili mwana. Injini ilibe chifukwa, imalira kamodzi basi olo m'mawa wa chiperoni, koma thanki ndi imene yandithetsa nzeru. Paja imakhala pansi pa mpando wa dalaivala, nde fungo lonse limathera mwa ine, madam anachita kunena kuti sakweramonso ati imawapweteketsa mutu.

Ndikaimika madzulo m'mawa ndimapeza pansi panyowa cha pakona yakutsogolo kwa thanki. Petulo akakhala wochepa sizioneka kwenikweni koma ikangodutsa theka imayamba dontho dontho osalekeza, ndipo ndi mmene petulo akuvutiramu kumuona akumwedwa ndi dothi mtima umawawa heve.

Mnyamata wina wowotcherera pano akuti ndingomupititsira, aitsuka ndi sopo waufa kenako aiwotcherera ndi gasi tsiku lomwelo. Wina akuti ndimate Pratley, phala lomatira zitsulo lija. Wina akuti ndikasake yakale ku Ndirande. COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, nayo ikutha mwezi wamawa ndipo sindikuona kuti angandipatse ikununkha chonchi. Nde akuluakulu ndipange chani apa, ndipo ngati ndi zosintha thanki yonse ntchito yake ndi yoti munthu angapange yekha pakhomo?

Jah_Bvumbwe

aise osavutika, tenga sopo wamtanda uja umunyowetse pang'ono upake pomwe pakudonthapo, petulo sasungunula sopo, ma minibus ambiri akuyendera zomwezo kkkk. zikakanika ika chigubu cha 5 litre kumapazi kwa pasenja ukokere paipi ku pampu basi wafika

Madala_Makanika_Luchenza

Mwana wanga, za sopo akunena a Jah ndi zoona koma ndi zoti ufikire kunyumba ukabooledwa ndi mwala ku Thekerani usiku, si zokonzera galimoto. Mvula ikangomenya kamodzi sopo uja wapita, ndipo kwanu ku Mulanje mvula simuchita kuiitana. Za chigubu mkati mwa galimoto ndiye musayerekeze, pampu ya ma Series ndi yamakina imakoka bwinobwino mu chigubu inde, koma mwakhala ndi petulo wosatseka pafupi ndi mawaya a zaka pafupifupi 50.

Musanagule kanthu yambani mwadziwa kaye pamene pakutuluka petulo. Mwanena mawu ofunika, oti imadontha ikadutsa theka. Thanki yobooka pansi penipeni sisankha, imadontha olo muli malita awiri. Yanuyo bowo lili m'mbali kapena pamwamba, petulo akungotsetsereka n'kukagwera pakona pamene mukuonapo. Nde chotsani khushoni ya mpando wanu, pansi pake pali chivundikiro chachitsulo, mukachichotsa thanki mukuiona pamwamba ponse. Pali zinthu ziwiri zomangidwa ndi timasikuluwu, china ndi fuloti ya geji chili ndi waya, china ndi paipi yokoka petulo kupita ku pampu. Zonse ziwiri zimakhalira pa gasiketi wa cork ndipo ameneyu akakalamba amauma n'kusweka. Muonenso paipi yaikulu yarabala yochokera pothirira ndi kapaipi kopumira kali pambali pake. Ndaonapo anthu akugula thanki chonsecho vuto linali kilampu yomasuka. Koma zimenezi zimakonda kudontha thanki ikadzadza kapena mukamadutsa m'mabampu, nde poti yanu ikudontha itaima ili theka mtima wanga ukukaikira khoma lakutsogolo.

Chifukwa chake ndi ichi. Thanki imeneyi imamangidwa pa mkono wa chassis umene umatulukira m'mbali, kumbuyo kwa tayala lakutsogolo. Tayala limaponya matope, matope aja amakadzinyinyirika pakati pa mkonowo ndi khoma la thanki, ndipo dothi lathu lofiira la m'minda ya tiyili likalowa pamenepo siliuma chaka chonse. Pansi pa thanki palinso chitsulo chachiwiri chimene anaikira kuteteza ku miyala, madzi amalowa pakati pa ziwirizi n'kumadya mwakachetechete. Anthu amapusitsidwa ndi bodi poti ndi ya aluminiyamu siichita dzimbiri, amaona ngati galimoto yonse ndi yosafa, pomwe chassis ndi thanki ndi chitsulo wamba.

Tsukani matope onse ndi madzi, mudikire iume, mupake choko kapena ufa woyera m'mbali monse, kenako thirani petulo mpaka adutse theka. Pamene ufa uyambe kuda ndi pomwepo. Mukapeza mudzatiuze.

NaPhiri_Welding_Thyolo

Ine ntchito yanga ndi yowotcherera yomweyo, mageti, mawindo, ma trailer, zonse, koma thanki ya petulo munthu akabwera nayo ndimamubweza ndipo ena amandinena kuti ndine wamantha poti ndine mzimayi, ndilibe nazo ntchito. Achimwene chimene chimaphulika si petulo wamadziyu ayi, ndi mpweya wake. Thanki yodzadza ndi yabwinoko kusiyana ndi yopanda kanthu chifukwa yopanda kanthuyo ndi imene muli mpweya wa petulo wosakanikirana ndi mpweya wamba, ndipo sipafunika wambiri, olo magawo awiri okha pa 100 ndi wokwana kuyaka. Kutsuka ndi sopo waufa kumachotsa wapamtunda, koma petulo amakhala atalowa mu dzimbiri ndi m'mipindiro mwa chitsulo, nanji yanu ya zitsulo ziwiri pansiyo. Umanunkhiza n'kumati yayera, ukangoyandikiza moto chitsulo chikatentha uja wabisala uja amatuluka. Mnyamata akuti tsiku lomwelo aitsuka n'kuiwotcherera ameneyo mumuuze kuti ana ake akumufunabe.

Ena amalowetsa paipi ya ekizozi mu thanki kuti utsi uthamangitse mpweya, ena amadzadza madzi n'kusiya kampata pomwe akuwotchapo. Zimatheka, ambiri apulumuka nazo, koma ekizozi ya galimoto ya kabuleta nayo imatulutsa petulo wosapsa, nde ukudalira mwayi. Njira imene ine ndimaipatsa ulemu ndi ya madala okonza ma radiator, amatenthetsa chitsulo cha kopa patali uko n'kubwera nacho chotentha kudzamata ndi mtovu, palibe lawi loyandikira thanki. Koma imeneyo imagwira pa bowo limodzi pa chitsulo chabwino, mwachitsanzo pobooledwa ndi mwala. Pa dzimbiri ayi. Ukamata apa mawa patseguka pambali pake chifukwa chitsulo chonse chapyapyala.

Ndi chimodzimodzi Pratley, sindikumunyoza amagwira ntchito yake, koma amafuna chitsulo choyera cholimba choti agwirepo.

Jah_Bvumbwe

koma mayi mukuopseza anthu, ife tawotcherapo ma thanki a njinga zamoto kangati osaphulika

NaPhiri_Welding_Thyolo

Ya njinga yako ya kabaza ndi malita angati Jah? Iyi ndi ya magaloni 10, malita 45, ndipo mwini wake amakhala pamwamba pake. Pitiriza mwana wanga, ine ndanena.

Aphunzitsi_a_ku_Limbuli

Ndiwonjezereko mbali imene sinatchulidwe, thanki sidyeka kunja kokha, imadyekanso mkati. Petulo wathu kuno ku Malawi ndi wosakaniza ndi ethanol, ndipo si za dzana, zinayamba 1982 atatsegula fakitale ya ku Dwangwa, ina inadzabwera ku Chikwawa mu 2004, zonse zimapanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Mlingo wake wakhala ukusewera pakati pa 10 ndi 20 pa 100 kutengera mmene ethanol akupezekera. Kwa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku palibe nkhani, ndipo dziko limapulumutsa ndalama zakunja. Koma ethanol amakoka chinyezi, nde galimoto yakale yongoyenda Lamlungu, thanki ili kota, itaima miyezi m'dera lonyowa ngati kwathu kuno, madzi amachuluka mpaka amapatukana ndi petulo n'kukakhala pansi pa thanki. Galimoto ya 1976 inapangidwa zimenezi asanaziganize, mkati mwa thanki ndi marabala ake onse.

Kuwonjezera apo tinene zoona, nthawi ya kusowa kwa mafuta tonse tagulapo wa m'zigubu, kuno kumalire ndiye osanena, wina wochokera mbali ya ku Milange wina kaya wachokera kuti, chigubu chake dzulo munali madzi kapena mafuta ophikira. Zonsezo zimathera mu thanki. Nde achimwene a ku Chitakale, pa pampu ya galimoto yanu pansi pake pali kabotolo kagalasi, kamangidwa ndi kawaya ndi nati ya pamanja. Kayang'aneni. Mukaona pansi pake pali timadzi tosiyana ndi petulo kapena tiufa tofiirira ngati masamba a tiyi otsalira mu kapu, dziwani kuti thanki yayamba kunyenyeka mkati ndipo olo mumate kunja kabuleta izingotsekeka.

Mukaika ina musasiye mapaipi akale arabala. Pogula funsani paipi yolembedwa J30 R9 m'mbali mwake, ndi imene imapirira ethanol, osangogula iliyonse yakuda pamsika poti ina ndi ya madzi imafewa sabata zochepa. Ndipo galimoto ikamaima nthawi yaitali bola thanki ikhale yodzadza, ndikudziwa kuti ndi mitengo ya panoyi mundiseka.

Mphwake_wa_pa_Chitakale

Zikomo kwambiri nonse, makamaka madala a ku Luchenza. Ndachita monga munanenera. Pamwamba ndi pouma, magasiketi ndi okalamba koma sakutulutsa. Matope amene ndachotsa pakati pa thanki ndi mkono wa chassis uja ndi odzadza ndowa yaing'ono, olimba ngati njerwa, ndikuganiza kuti ambiri ndi a nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 chifukwa galimotoyi inaima m'madzi kwa malume mpaka m'ma hub. Nditapaka ufa sipanatenge nthawi, khoma lakutsogolo pada malo atatu motsatana, timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo nditakanda pang'ono ndi msomali chitsulo chimangofumbutuka. Chitsulo chapansi chija chatupa mbali imodzi. Kabotolo kagalasi aphunzitsi mwanenako muli tiufa tofiira tambirimbiri.

Nde zowotcherera zatha, mayi NaPhiri ndamva. Funso latsala ndi loti ina ndiipeze kuti. Ku Ndirande mnzanga wapeza yakale akuti inachoka pa Land Rover ya asilikali, mtengo wake ndi wofikirika. Yatsopano ndafunsa munthu amene amabweretsa katundu kuchokera ku Joni, atanditchulira mtengo kuphatikiza transipoti ndi msonkho ndinangoti ndikuimbirani. Mayi NaPhiri inu simungandipangire ina yatsopano ndi shiti?

NaPhiri_Welding_Thyolo

Yatsopano yomwe sinalowemo petulo ndiye ndikhoza, moto sukhala nkhani. Koma ndikuuzeni chilungamo musanabwere, thanki si bokosi chabe. Mkati mumafunika zotchinga kuti petulo asamakhuthukire uku ndi uku pa mapiri athuwa, khosi lothirira likhale pa ngodya yake yeniyeni apo ayi paipi yarabala sifika, mabowo a fuloti ndi paipi yokoka akhale kuya kofanana ndi yakale kuti geji isamaname. Ndingafune yakaleyo ngati chitsanzo, ndipo shiti yabwino nayo siyotchipa chitsikireni kwacha ndi 44 pa 100 mu November 2023 paja. Malata a galvanised musandibweretsere, utsi wake powotcherera umadwalitsa. Mukawerengera zonse mwina mupeza kuti yakusiyana ndi ya ku Joni ndi yochepa, nde funsani kaye mitengo kwa anthu awiri atatu, ma thanki a Series amapangidwabe mpaka pano si chinthu chosowa.

Madala_Makanika_Luchenza

Ya asilikaliyo samalani nayo. Ma Land Rover ambiri a asilikali ankathirira petulo pansi pa mpando penipeni, unkachita kunyamula khushoni n'kutsegula chitsekero chachikulu pa thanki pomwepo, alibe khosi lopita m'mbali mwa bodi ngati yanu. Ikakhala yotero ikwana pamalo pake inde koma pothirira panu pakhala pa ulemu chabe, ndipo fungo limene akudandaula mayi akunyumba lija ndiye lichita kukhazikika. Muuzeni mnzanuyo ajambule pamwamba pake. Ya dizilo nayo imakhala ndi bowo lina lobwezera mafuta, imeneyo mukhoza kutseka koma muzidziwa. Ya Land Rover yaitali ija ya 109 station wagon ndi ina kotheratu, imakhala kumbuyo. Ndipo thanki iliyonse yakale ili ndi zaka zofanana ndi yanu, nde muunikire mkati ndi tochi ya foni osati machesi chonde, mugogode pansi, kenako mutseke mabowo onse mupope pang'ono ndi pampu ya njinga n'kupaka madzi a sopo m'mizere monse muone ngati pakuchita thovu. Pang'ono ndithu, osati kompuresa ya matayala, imatupitsa thanki n'kung'ambula msoko. Ine ndikanakhala inu, galimoto ya malume yoti mukufuna idzafike kwa ana, ndikanalimba mtima n'kugula yatsopano kamodzi.

Kusintha ndiye mutha nokha, si ntchito ya digiri, bola mukhale awiri. Chitirani panja pamthunzi podutsa mphepo, osati m'galaja yotseka ndipo osati pa dzenje, mpweya wa petulo ndi wolemera umatsikira pansi n'kukhazikika m'dzenjemo. Mbaula, fodya, ana, zonse kutali. Choyamba chotsani theminolo ya negative pa batire. Petulo mumuchotsere pa pulagi ya pansi ngati ingamasuke, koma ikalimba osaikakamiza pa thanki yowola chonchi mungazule ndi chitsulo chomwe petulo yense n'kukukhuthukirani kumaso, bola kumupopa ndi paipi kuchokera pamwamba. Mumusefe pa nsalu ngati mukufuna kudzamugwiritsanso ntchito, wapansi penipeniyo mutsukire zitsulo.

Mabawuti ayambeni kuwathira mafuta omasulira dzulo lake. Ndipo apa ndi pamene anyamata a masiku ano amaonongera magalimoto amenewa, ya 1976 manati ake ndi a mainchesi si a mamilimita. Nati ya hafu inchi ndi 12.7, sipanala ya 13 imalowa bwinobwino n'kumaoneka ngati yagwira, mukangokoka mwamphamvu pa nati yadzimbiri imaterereka n'kudya makona onse, basi mwatsala ndi chinthu chozungulira chosagwirika. Bwerekani masipanala a mainchesi otchedwa AF, 7/16 ndi 1/2 ndi 9/16, madala ena pa boma ali nawo. Bawuti ikakanika dulani ndi sowo ya pamanja pang'onopang'ono, grinder isayandikire.

Mukamasula waya wa geji, paipi ya petulo, paipi yothirira ndi kopumira kaja, ikani jeke ndi thabwa pansi pa thanki, masulani mabawuti akutsogolo ndi kumbuyo, thanki imatsikira pansi. Timarabala ta pa bawuti yakumbuyo musataye, ngati taphwanyika dulani tina pa tayala lakale, thanki imafuna kupatsidwa mpata pang'ono chassis ikamapindika m'misewu yathuyi, mukaimanga gwa idzang'ambika pa msoko.

Tsopano chimene ndikufuna mumve kwambiri ndi ichi, thanki ikatsika musathamangire kukweza inayo. Yang'anani mkono wa chassis uja. Matope amene adya thanki adyanso mkonowo mbali inayo, gogodani ndi hamala, ukalira mopanda mphamvu kapena hamala ikalowa ndiye nthawi yowotcherera ndi imeneyo, thanki yakale ili kutali uko ndipo paipi ya petulo mwaitseka n'kuichotsa panjira. Pamenepo ndi pamene pakufunika mayi NaPhiri. Thanki yatsopano muipake penti wokwanira isanakwere, amabwera nako kapenti kongonamizira, makamaka khoma lakutsogolo ndi m'mphepete mwa chitsulo chapansi. Magasiketi a cork atsopano, osapaka silicone, petulo amamusungunula n'kukatseka paipi. Fuloti yakale ngati ikugwira ibwezereni koma muigwedeze kukhutu, mukamva petulo mkati yabooka. Ndipo pogula thanki munene kuti yanu fuloti yake ndi yomanga ndi masikuluwu, muwatumizire chithunzi, kuti isadzafike kuchokera ku Joni bowo lili la mtundu wina.

Pomaliza popani paipi yonse mpaka ku pampu, tsukani kabotolo kagalasi ndi kasefa kake, ikaniponso kafyuluta ka pulasitiki koonekera mkati musanafike ku kabuleta. Pampu ili ndi kachitsulo kopopera pamanja pansi pake, popani mpaka kabotolo kadzadze musanalize injini. Thirani malita 10 kaye muone, osadzadza tsiku loyamba.

Mphwake_wa_pa_Chitakale

Madala mwandiphunzitsa zambiri, ndasunga zonse. Chithunzi cha ku Ndirande chabwera, ndi yothirira pansi pa mpando monga munanenera nde imeneyo yalephereka. Ndalankhula ndi munthu wachiwiri wa ku Joni mtengo wake watsikako, akuti ndimutumizire nambala ya chassis ndi zithunzi za pamwamba pa thanki. Mkono uja ndaugogoda thanki ikadali pomwepo, kumapeto kwake kukumveka kofewa, nde mayi NaPhiri ndikupezani ndithu ikangotsika. Galimoto ndaiimika kaye, petulo ndamupopera m'zigubu. COF idikira.

Jah_Bvumbwe

nde yakaleyo mukaichotsa mundipatse ine aise, ndiidule pakati ndipange mbaula yowotchera chips

NaPhiri_Welding_Thyolo

Jah grinder pa thanki ya petulo ndi chimodzimodzi gasi. A Chitakale musamupatse ameneyu, ndikufuna ndiyezerepo mabowo a mabawuti pa mkono watsopanowo. Mukamabwera nayo muichotse fuloti ndi paipi, mabowo onse akhale otsegula, ndipo muinyamule kumbuyo kwa pick up osati mu minibus.